Laputopu ya Malemu Alamu

Mu shopu ina yokonzera makompyuta munali mabenchi awiri. Lina linali la mayi wina wodekha, wovala magalasi, amene ankakonza mafoni ndi mapulinta. Linalo linali la mwamuna amene aliyense ankamutcha Chimphepo, chifukwa ntchito ikagwa m'manja mwake inkatha mwiniwake asanakhale n'komwe pansi. Luso anali nalo, palibe ankatsutsa. Koma dzinalo linali litamulowa m'mutu.

Tsiku lina m'mawa kunabwera achemwali ake atakumbatira laputopu ngati khanda. Amuna awo anali atamwalira chaka chomwecho.

"Achimwene, iyi ndi ya alamu anu," anatero. "Muli mavidiyo awo onse, akusewera ndi ana, akuimba ndi mawu awo osasa aja. Apongozi anga ali m'chipatala kutali, zinthu sizili bwino. Akupempha kuti amveko mawu a mwana wawo asanatseke maso. Ndimati ndiwatumizire lero, koma wayifai yakana."

Malemuwo anali atakhoma disiki yonse ndi pasiwedi. Achemwali anailemba, kompyuta inatseguka, ndipo Chimphepo analiona vuto mosachedwa. Kachipangizo kalikonse m'kompyuta kakafuna kulankhula ndi ubongo wa makinawo kamaimba belu lake, ndipo njira za mabeluwo n'zowerengeka. Pulogalamu yoyendetsa kadi ya wayifai inkati ikapempha njira, kompyuta n'kuyankha kuti palibe yotsala. Kadiyo inali ngati mlendo wogogoda pakhomo la anthu ogontha.

Mayi wa magalasi uja anasuzumira.

"Koperani kaye mavidiyowo pa fulashi, muwatumize ndi kompyuta yangayi," anatero. "Kadiyo mulimbana nayo bwino pambuyo pake."

Chimphepo anaseka. "Kukopera zonsezi? Tikhala pano mpaka inu mumere ndevu. Ine kukanika kakadi kolingana ndi chikhadabo, achemwali anga akuona? Khalani pansi achemwali, pompano zitheka."

Anaika pulogalamu ina yoyendetsera kadiyo, inakana. Anazula kadiyo, kuipukuta, kuibwezera, inakanabe. Anazimitsa kamera ndi tina ndi tina kuti njira ipezeke, koma yankho linali lomwe lija. Dzuwa linafika pamutu, malaya atamata kumsana ndi thukuta. Za mavidiyo zinali zitamuchoka m'mutu. Tsopano inali nkhondo ya iye ndi kadi.

Foni ya achemwali inalira. Anali a kuchipatala, akuti odwala akufunsa.

"Achimwene, bwanji tingochita zimene anena mayiwa?"

"Ndatsala pang'ono," anayankha osatembenuka.

Apa m'pamene anaona njira ya belu la disiki, momwe munali mavidiyo muja. Anaganiza zoikankhira kadiyo pomwepo mokakamiza, kuti ziwirizo zizibwerekana. Ankadziwa kuti makina akale ngati amenewo sakonda zoterozo, koma anangoti kamodzi n'kamodzi.

Kachizindikiro ka wayifai kanayaka. Chimphepo anamenya benchi ndi chikhato. "Mwaona? Ndani amati mufulashi?"

Anayamba kutumiza vidiyo yoyamba. Koma belu linali limodzi, oimba awiri, ndipo kompyuta sinkadziwanso woiyitana. Sikirini inangoti zii, kuuma. Chimphepo anapanikiza batani n'kuizimitsa mwankhanza. Anaiyatsa, inaumanso ili pakati polemba zinthu mu disiki, iye anaizimitsanso. Mayi uja anaimirira n'kunena kuti, "Chonde isiyeni," koma chala chinali chili kale pabatani.

Itayakanso inapempha pasiwedi. Achemwali analemba, inakana. Anapukuta manja pansalu, n'kulemba pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi. Inakana.

"Kapena ndalakwitsa?" anafunsa achemwali.

Sanalakwitse. Chimphepo atafufuza anapeza kuti kachigawo ka disiki kosunga loko kanali katalembedwa zinyalala. Kiyi anali yemweyo, koma loko kunalibenso.

Anaitenga disikiyo n'kuyenda nayo kwa akatswiri onse amene ankawadziwa, ngakhale amene ankawanyoza kale. Aliyense ankaiyang'ana, kupukusa mutu, n'kufunsa funso limodzi: "Simunakopere?" Mavidiyo anali momwemo, koma ngati katundu wa m'nyumba yomangidwa popanda khomo.

Apongozi aja anamwalira sabata yomweyo osamva mawu a mwana wawo.

Achemwali sanamukalipire. Zikanakhala bwino akanamutukwana, mwina mtima ukanapepukako. Atabwerako kumaliro anafika pashopu kudzatenga laputopu, ndipo anaima pakhomo osalowa.

"Achemwali, ndikuyesabe," anatero Chimphepo, maso ali pansi. "Mwina pali njira ina."

"Musavutike, achimwene." Kenako achemwali anapitiriza: "Mwana wamng'ono uja dzulo amandifunsa kuti adadi ankalankhula mokweza kapena motsitsa. Ndinayesa kumuyeserera, ndinalephera. Inenso mawu aja ayamba kundithawa."

Ananyamula laputopu n'kumapita. Chimphepo anakhala pabenchi manja ali lende. Chomwe sanathe kuwauza n'chakuti kadi ija anali ataikonza pomaliza pake, ataikamo disiki ina. Linali vuto laling'ono, longofuna kusintha mzere umodzi munthu ali wodekha. Wayifai tsopano inkagwira bwino zedi, koma munalibe choti n'kutumiza.

Kuyambira pamenepo, wina akamuitana kuti Chimphepo, sankayankha. Kunyumba kwa achemwali ake ankapitako mwa apo ndi apo, koma ana akamuthamangira akufuula kuti "Amalume!", ankasowa poyang'ana. Mayi wa magalasi uja sanamukumbutse chilichonse, ndipo panalibe chifukwa chomukumbutsira. Kadi anaigonjetsa ndithu, koma chimene anaphwanya poigonjetsapo palibe mmisiri angachiumbenso. Akuluakulu anaona kutali pamene anati khoswe akakhala pamkhate sapheka.