Esinati Akana Kutsutsa Bwana

Bwana Kamtedza, mwini fakitale yosoka mayunifolomu ku Limbe, anabwerako ku msonkhano wa amalonda atatola mawu achizungu.

"Akuti anthu onyambita mapazi amatchedwa ayesibwana," anauza antchito ake. "Ine sindiwafuna pano. Lero aliyense anditsutse, wolephera apakire."

Esinati, mmodzi wa osokawo, anasiya kupalasa makina. Ankadziwa kuti telala amene anatsutsa bwanayo chaka chatha tsopano akugulitsa tomato pamsewu, ndipo Esinatiyo anali ndi ana atatu kusukulu.

"Tiyambe ndi iwe, Esinati. Nditsutse."

Esinati anagwada, napinda manja. "Ayi bwana, sindingakutsutseni."

"Ukukana lamulo langa?"

"Ndikukana ndithu, bwana."

"Ndiye kuti wanditsutsa."

"Ndatsutsa pati, bwana? Ine ndangoti sindingayerekeze."

Bwana anayamba kulingalira. Amuchotse ntchito chifukwa chotsutsa, analamula zimenezo ndi iye mwini. Amuchotse chifukwa chosatsutsa, mayiyo anali atangomukanira pamaso pa onse. Anatembenukira kwa enawo.

"Nanga inu mukuti watsutsa kapena ayi?"

Onse anangomuyang'ana pakamwa, kudikira kuti amve yankho limene iye akufuna.

Bwana anapukuta thukuta ndi tayi. "Tasokani mayunifolomuwo, sukulu zikutsegulidwa Lolemba."