Masoseji a Tauno Kettunen

Ine ndagulitsa nsomba m'madoko onse a ku Ulaya, ndinayamba ndi bwato lodontha, lero magalimoto anga ndi osawerengeka. Koma munthu waliuma ngati Tauno Kettunen, msodzi wa pachilumba chathu kuno ku Finland, sindinamuonepo kwina.

Tauno ndi anzake anayambitsa kachipani kofuna kuti dziko lituluke mu Mgwirizano wa Maiko a ku Ulaya. Chinkawawawa ndi lamulo la mgwirizanowo loteteza mbalame zakuda zimene zimatha nsomba m'maukonde. Pachisankho cha khonsolo, kachipaniko kankayembekeza mpando umodzi wokha, ndipo kwathu mpando wa chipani umapita kwa amene wapeza mavoti ambiri pakati pa oimira chipanicho. Tauno ankaufuna mpandowo ngati mpweya. Mkazi wake Sirkka anangomulembetsa kuti oimira aoneke ambiri.

"Bambo, asodzi anzanu akudikira kuti muwayendere," anatero Sirkka.

"Apachilumbawa ndi anga kale, mayi! Ine ndikukakokolola anthu a m'tauni."

Anakakhoma tenti pamsika, nkumagawa khofi ndi masoseji ootcha monga zipani zonse zimachitira. Anthu anadzaza. Aliyense wotafuna ankagwedeza mutu, Tauno nkumati voti imeneyo.

"Achimwene," ndinamunong'oneza, "wachipewa uyu ndamuona akudya kumatenti onse."

"Nsanje, Jorma! Waona kuti akutafuna mondivomereza?"

Sirkka anatsala pachilumba, akusoka maukonde ndi anzake, kumvetsera madandaulo awo. Tsiku lovota anawolotsa okalamba pabwato.

Zotsatira zitatuluka, kachipaniko kanaupezadi mpando uja, koma unapita kwa Sirkka. A m'tauni anadya masoseji nkukavotera zipani zawo zakale. Apachilumba anavotera amene ankamuona.

Tauno anaseka mpaka misozi.

"Chabwino, a khansala, mpando walowabe m'nyumba muno. Ndikuperekezeni nthawi yanji kumsonkhano?"

"Muyambe mwatsuka chootchera masoseji chija," anayankha Sirkka.

Mpaka lero Tauno ndiye amamuwolotsa, akuimba mluzu, ndipo pakhomo la khonsolo amauza aliyense kuti ndi iye anamutulukira. Mbalame zija zikadadyabe nsomba, koma tsopano zili ndi wozineneza. Akuluakulu sananame: fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.