Pepani wa Mayi Nankhoma

Mudamvapo anthu akuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ambiri a inu mumangouloweza mwambiwu kuti mukhoze mayeso, koma kumene udachokera simudziwa. Khalani phee ndikuuzeni, ngakhale kuti nkhani yake si yoseketsa.

Padali chipatala china chakumudzi chomangidwa pamtunda, kumunsi kwake kuli dambo. Chilimwe chilichonse moto wa osaka mbewa unkabwera ukulilima kuchokera kutchire, koma ukafika padambo paja unkazirala wokha. Pachipatalapo pankagwira ntchito namwino wina, Mayi Nankhoma, amene imvi zidawamerera m'yunifolomu. Anthu ambiri a m'midzi yozungulira adabadwira m'manja mwawo. Amuna awo adatsogola kalekale, mwana adalibe, ndiye chipatalacho chidali banja lawo. Ankakonda kunena moseka kuti, "Ine muno ndidzatulukamo pamachira."

Kenaka kudabwera mkulu watsopano woyang'anira chipatala, a Kalimbuka. Ndisawanamizire, sadali munthu woipa. Adapeza mzere wa odwala ukufika kumsewu, ndipo ankafuna ntchito yothamanga. Koma adabweranso ndi lamulo lina: munthu akamwalira, wantchito asanene "pepani" kwa abale ake, ati chifukwa wopepesa ndiye kuti wavomera kulakwa. Taganizani, ife amene timapepesa ngakhale munthu akadzipunthwa yekha pachitsa.

Mayi Nankhoma lamuloli lidawakanika. Maliro akachitika ankatuluka panja, kukhala pansi pamodzi ndi anamfedwa miyendo ili tambalale, kupepesa ndi kulira nawo. Nthawi yonseyo mzere unkadikira. Tsiku lina a Kalimbuka adawaitanira ku ofesi.

"Mayi, mwagwira ntchito mokwanira. Kapumeni."

"Zaka zanga zopumira sizinakwane, bwana. Ndalakwanji?"

"Miyendo yanu yalema, mayi. Ndiponso pepani wanuyu adzatiika m'milandu. Paja tsabola wakale sawawa."

"Kuthamanga kokha sindingathe, apo mwanena zoona," adatero mayiwo. "Ndiikeni pena. Ndiziphunzitsa atsikanawa, kapena ndizikhala ndi odikirira matenda. Musandichotse muno, kunyumba kulibe amene akundidikira."

"Malo otero kulibe," adayankha a Kalimbuka maso ali pazenera.

Sadachoke okha. Mlonda wakale adachotsedwa, mzamba wamkulu adachotsedwa, ngakhale gogo wochapa nsalu. Palibe amene adafunsidwa chimene akadathabe kuchita, adangowayang'ana imvi basi. Mayi Nankhoma adabwerera kukanyumba kawo tsidya la dambo. M'mawa uliwonse ankadzuka molawirira mwachizolowezi, kusita yunifolomu, kenaka n'kukumbukira kuti alibe kopita. Ankangokhala pakhonde kuyang'ana malata a chipatala, mtima ukuwawa.

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mwamuna wina dzina lake Lufeyo adabweretsa mkazi wake pangolo ali ndi pakati. Adafika mochedwa. Felesiya, namwino wachitsikana, adalimbana nawo matendawo kuyambira m'mawa, koma mayi ndi mwana yemwe adapita. Palibe amene adalakwa. Felesiya adatuluka mtima utasweka, koma pakamwa pake padali pomangidwa ndi lamulo lija. Adaima chilili pakhomo nati, "Mayi aja amwalira. Bwerani mudzatenge thupi."

"Basi?" adafunsa Lufeyo. "Mwangonena choncho ngati yafa nkhuku?"

Felesiya adayang'ana pansi, osayankha, ndipo kukhala chete kumeneko ndiko kudayatsa moto. Mbiri idathamanga m'midzi kuti kuchipatala apha munthu, ndipo ngakhale pepani sadanene. Dzuwa lisadalowe anthu adadzaza pabwalo ndi miyala ndi zibonga, akufuna namwinoyo. Mazenera adayamba kusweka. Felesiya adadzitsekera m'chipinda cha mankhwala, a Kalimbuka ali kalikiliki kuimbira apolisi amene adali kutali. Mwa onse otsala pachipatalapo, padalibe ndi mmodzi yemwe amene anthu aja ankamudziwa.

Phokosolo lidawoloka dambo. Mayi Nankhoma adamanga chitenje, nayamba ulendo ndi miyendo yawo yolema ija. Adadutsa pakati pa gululo pang'onopang'ono mpaka pakhomo la chipatala. Potembenuka, mwala umene munthu wina adaponyera chitseko udawapeza pamphumi. Magazi adatsika, koma iwo adangokhala pansi padothi, natambasula miyendo.

"Lufeyo, mwana wa a Nambewe," adaitana. "Mchombo wako ndinadula ndine. Pepa, mwanawe. Pepani nonse, chatigwera."

Atatero adayamba kulira maliro. Amayi amene adali kumbuyo adalandira kulirako, nakhala pansi mmodzimmodzi. Tsono kwathu kuno maliro akayamba, mwamuna saima ndi mwala m'manja. Lufeyo adayang'ana nkhope yamagazi ija, mwala udamupulumuka, ndipo adagwa pansi nalira ngati mwana. Zibonga zidatsika. Apolisi pofika adapeza anthu akukhuza maliro.

Koma Mayi Nankhoma sadathe kudzuka. Adawanyamula pamachira kulowa nawo m'chipatala chomwe adawachotsa chija, ndipo amene adatsuka bala lawo adali Felesiya, misozi ili chuchuchu. A Kalimbuka adabwera nagwada pambali pa bedi.

"Pepani, mayi. Mukachira mubwerere pantchito."

"Mwalitchula liwu lija, bwana," adanong'ona mayiwo. "Mwaona, silipha munthu."

Sadachire. Sabata isadathe adatuluka pamachira, monga ankanenera.

Pochokera kumanda anthu adadzera padambo paja. Moto wa chaka chimenecho udali utangodutsa, tchire lonse lili bii, ndipo udathera pomwepo monga mwa masiku onse. Mlonda wakale uja adaima, naloza nati, "Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto." Mawuwo adayenda mpaka adafika kwa inu.

A Kalimbuka adafafaniza lamulo la pepani. Adalamulanso kuti munthu asamachotsedwe ntchito chifukwa cha zaka zokha, koma azifunsidwa chimene angathe, ndipo wamkulu ndi wamng'ono azigwira limodzi. Adaitananso onse ochotsedwa aja. Ena adabwerera, ena adakana, mitima idali itachokako kale.

Tanthauzo lake ndi ili, ana inu. Mkangano uli ngati moto wa kutchire, wachinyamata amauthawa kapena kuukolezera, koma ukafika pa munthu wamkulu amene anthu amamudziwa ndi kumuchitira manyazi, umazirala. Pamudzi, pabanja ngakhale pantchito, musathamangitse akuluakulu chifukwa ayamba kuyenda pang'onopang'ono. Dambo limaoneka lopanda ntchito mpaka tsiku la moto. Ndipo mukadzadutsa padambo moto utazima, mudzayang'ane m'mphepete mwake, mudzaona kuti nalonso lidapsa.