Mayi Amene Anauza Mwana Wake Kuti Athawe

Panali mayi wina wosoka zovala, amene anali ndi mwana wamkazi mmodzi, dzina lake Mwandida. Mwanayu ankasewera judo, masewera ogwetsana aja ovala majekete ndi malamba. Mayiyo sanapiteko kukaonerera ndi tsiku limodzi lomwe. Ankaopa kuona mwana wake akumenyetsedwa pansi.

Tsiku lina kunali mpikisano. Wopambana ndewu yomaliza ndiye akalowe m'gulu lokasewera kunja kwa dziko, ndipo malo anali amodzi okha. Mwandida atafika pa ndewu imeneyo, mayiyo anatseka mashini ake napita.

Anakhala pabenchi, chitenje atachifinya m'manja. Bambo wina amene anali pambali pake anayamba kumulongosolera.

"Muziyang'ana mkono wa woweruzayo, mayi. Akauimika m'mwamba ndiye kuti wina wagwetsedwa chagada mwamphamvu. Imeneyo ndi iponi, ndewu yathera pomwepo. Akautambasulira kumbali ndi wazari, theka chabe. Ndiye palinso chilango..."

"Basi bambo, ndamva," anatero mayiyo, maso ali pamphasa.

Ndewu inali ya mphindi zinayi. Yoyamba isanathe, Mwandida ananyamula mtsikana amene ankalimbana naye pachiuno namugwetsa chammbali. Mkono wa woweruza unapita kumbali. Wazari!

Anthu anakuwa, koma mayiyo sanakondwe. Mtsikana winayo anali wamtali, wamanja akuluakulu, ndipo anadzuka nkhope itasintha. Mayiyo anayang'ana wotchi. Mphindi zitatu zathunthu. M'maganizo mwake anaona kale mkono wothyoka. Anaimirira.

"Mwandi! Wapeza kale! Usamuyandikirenso, thawa!"

Mphunzitsi wa mwanayo ankati alowe, amugwire. Koma Mwandida anamva mawu a mayi ake. Anayamba kubwerera m'mbuyo, kukankha dzanja lililonse lofuna kumugwira jekete.

Woweruza anaimitsa ndewu. Anazunguza manja ngati wokulunga ulusi, nkuloza Mwandida.

"Akumulozeranji mwana wanga? Walakwira ndani?"

"Ndi chilango chija munakana kumva chija," anayankha bamboyo. "Amati shido. Wosafuna kulimbana amalangidwa."

Mayiyo anayang'ana pabolodi la zotsatira. Wazari inali pomwepo. "Bola tili patsogolo," anatero, nakuwanso kuti mwana apitirize kuthawa.

Mwandida anabwererabwerera mpaka anatuluka kunja kwa malire a mphasa. Chala chinamulozanso. Shido yachiwiri.

"Mayi, muuzeni alowe!" Bamboyo anachita kumugwira pamkono. "Zikakwana zitatu waluza, ngakhale akhale patsogolo."

Mwandida anacheuka kufuna nkhope ya mayi ake. Panatsala masekondi makumi atatu. Mayiyo anatsegula pakamwa. Anaonanso manja akuluakulu aja akutambasukira mwana wake, ndipo mawu akuti "lowa" anamukanika.

Mwanayo anapitiriza kuthawa. Wotchi isanathe, woweruza anamuloza kachitatu, kenako anatambasulira dzanja kwa mtsikana wamtali uja. Malo aja anapita. Mwandida anali asanagwe ndi kamodzi komwe.

Anawerama monga mwa mwambo wa masewerawa, natsika pamphasa. Anafika pabenchi akupumira m'mwamba.

"Amayi," anatero, "ndachita zonse zimene munanena."

Tsono inu makolo anzanga, mundimvetse. Ine ana anga atatu onse anavala lamba wakuda wa akatswiri a judo, ndipo sindinakuwirepo mmodzi yemwe ndisanadziwe lamulo, nchifukwa chake lero ndikuima pano kukuuzani. Mwana wanu akakhala pakati pa nkhondo yake, kaya pamphasa, kaya pasukulu, kaya m'banja, mawu anu ndi amene adzamve kuposa a wina aliyense. Musanakuwe, yambani mwafunsa kuti kumeneko amaweruza bwanji. Ndipo mukamva kuti amene akufuna kulankhula m'kamwa mwanu ndi mantha, khalani pansi.