Manda Okumba ndi Zala

Panali munthu wina amene analakwiridwa ndi mphunzitsi wotchedwa Gwedeza, chaka chimene mlatho wa kwawo unakokoloka ndi madzi.

Munthuyo anali mlonda pa esiteti ya fodya, kutali ndi mudzi, ndipo maliro ambiri ankamupita. Tsono mkazi wake Nankhoma atamwalira, adzukulu a kumanda anakana kukumba manda. Anati amene safika pa maliro a anzake akumbe yekha. Anakumbadi yekha. Mpini unathyoka dzenje lili m'chiuno, iye n'kupitiriza ndi zala mpaka zikhadabo ziwiri zinachoka.

Pambuyo pake anapeka nyimbo, ndipo ankaiimba akamalima:

Nankhoma, ndakukumbira ndi zala,
khasu landikana, mudzi wandikana.

Gwedeza anaimva akudutsa pa njinga. Anatsika, anaimbitsa munthu uja katatu, n'kulemba m'kope. Sanafunse kuti Nankhoma ndi ndani.

Panapita zaka. Mdzukulu wa munthuyo, Felesiya, anafika Fomu 3 pa sukulu ya Gwedeza yemweyo. Anali atalephera kale kamodzi, ndipo bambo ake anali atanena kuti akalepheranso, sukulu yathera pomwepo. Tsiku lina anabwera ndi mapepala okonzekera mayeso, akuloweza mokweza pakhonde: chifanifani, chining'a, voko. Kenaka anawerenga chitsanzo cha voko. Inali nyimbo ija. Pansi pake panalembedwa kuti wopeka sadziwika.

"Iwe, voko ndiye chiyani?"

"Ndi kukokomeza, agogo. Kunena chinthu choti sichingachitike, kuti anthu amve chisoni."

"Chimene sichingachitike ndi chiti pamenepo?"

"Kukumba manda ndi zala. Aphunzitsi akuti palibe munthu angatero."

Munthu uja anatambasula dzanja. Mtsikanayo anayang'ana zala ziwiri zopanda zikhadabo, zimene anakula akuziona osafunsa, ndipo analeka kuwerenga.

Mawa lake munthuyo anapita kusukulu. Gwedeza anamulandira bwino, mpando anamupatsa. Anati, "Madala, zimene zinachitikazo ndi zanu. Koma mawu akalowa m'ndakatulo, woyankhula salinso inu." Munthuyo anafunsa kuti nanga woyankhulayo ndi ndani, popeza kumanda kuja anali yekha. Gwedeza anaseka, nati zimenezi n'zovuta kwa munthu amene analekeza Sitandade 2. Belu linalira, Gwedeza n'kumapita.

Munthu uja anabwerera mutu uli balala. Nyimbo ndi yake, koma wopeka sadziwika. Mawu ndi ake, koma woyankhula ndi wina. Zala ndi zake, koma sizinakumbe.

Tsiku la mayeso, Felesiya anaima pakhomo atavala yunifolomu, maso ali ofiira.

"Agogo, funso lija likabwera ndikalemba kuti si voko. Ndikalemba kuti zinachitika."

"Akakuchonga?"

"Ayi."

Munthuyo anati, "Ukalembe kuti ndi voko. Ukalembe kuti agogo ako anakokomeza. Fulumira, uchedwa."

Funso linabwera. Mtsikanayo analemba voko, ndipo anakhoza. Tsiku limene anabweretsa lipoti, munthu uja anavina pabwalo mpaka fumbi. Atakhala pansi sanadziwe kuti wavinira chiyani.

Inu ana amene mukukonzekera mayeso, lowezani mayina aja, voko ndi anzake, chifukwa wochonga amafuna amenewo. Ine sindiwadziwa bwino, ndipo sindinganene ngati munthu uja anachita bwino kapena ayi. Ndaganiza zaka zambiri, yankho silikubwera. Koma mukalemba voko pambali pa mzere, dzafunseniko tsiku lina ngati panalibe munthu amene zinamuonekera.

Gwedeza anakwezedwa kukhala mphunzitsi wamkulu. Anapuma pa ntchito ali wonenepa, ndipo pano ali ndi chigayo ku Mponela.