Chingwe cha Mfundo Ziwiri

Pakhomo pa mayi Zulayho, m'kanjira kopanikizika ka mumzinda wa Margilan, m'mawa uliwonse unkayamba ndi utsi komanso kubuula. Utsi unali wa Sanobar, mpongozi wawo, amene ankalawirira kumata mikate m'ng'anjo yadothi kuti akagulitse isanazizire. Kubuula kunali kwa mayi Zulayho eni ake, nthawi imene ankavala kuseri kwa chitseko. Aliyense m'nyumbamo ankakumva, koma palibe ankadziwa gwero lake. Ankangoti ndi ukalamba, poti ukalamba uli ngati dzala: chilichonse chosowa mwini amatayira komweko.

Mayiwa anali woimba wa pamaukwati, koma osati wa zimkuzamawu ayi. Ntchito yawo inkagwa mawa lake la ukwati, pamene mkwatibwi amatulukira pabwalo la kwa apongozi ake atafunda nsalu yoyera kumutu. Woimba amatchula abale a mkwati mmodzimmodzi, kuyambira akumanda mpaka makanda a m'manja, ndipo pa dzina lililonse mkwatibwi amawerama. Saweramuka mpaka mawu a woimba atafika pothera. Nyimbo yotere siifuna mawu okoma okha, imafuna chifuwa. Theka la akazi a m'kanjirako linalowa m'mabanja powerama pansi pa mawu a mayi Zulayho, ndipo tsopano inali itakwana nthawi ya mdzukulu wawo Davron, mwana wa Sanobar. Chimene mayiwa ankafuna padziko chinali chimodzi: kuimbira mkwatibwi wa pakhomo pawo, n'kumuweramitsa pa dzina la malemu mwamuna wawo, a Tursunali.

Koma mpweya unali utayamba kuwathawa, ndipo gwero lake linkagona m'kachitini ka tiyi pamwamba pa kabati.

Atangolowa m'banja, mayi Zulayho anali mtsikana wamanyazi oti sakanatha kuima pamsika n'kutchula mawu akuti kamisolo. Tursunali, amene ankaomba nsalu za silika, anadula chingwe chofiira pa makina ake, nawakulunga nacho pansi pa mabere, n'kumanga mfundo. Anawakulunganso chapamwamba, n'kumanga yachiwiri. Kenako anapita yekha kumsika, kukaima pakati pa azimayi akumuseka chikhakhali, iye chingwe chili m'manja, makutu ali psu. Ndani sangafune kukondedwa motero? Chaka ndi chaka ankanyamula chingwecho, n'kubwera ndi kaphukusi. Atamwalira, chingwe chinatsala m'kachitini muja, ndipo ulendo wa kumsika unagwera Sanobar.

Vuto n'lakuti chingwe sichidya, sichiyamwitsa, sichikalamba. Thupi la mayi Zulayho linali litabala ana asanu, litawerama zaka zambiri m'minda ya thonje. Msana unatambasuka, mabere anatsika n'kulemera. Timalamba tating'ono tinakumba ngalande m'mapewa, ndipo lamba wa m'munsi ankaluma nthiti ngati msampha wa waya. M'nyengo yotentha khungu la pansi pa mabere linkanyuka, iwo n'kumangoikapo thonje mwakachetechete. Chowapulumutsa chinali choti makamisolo akakalamba amatamuka, ndiye ankawavala mpaka ulusi utayamba kuyoyoka.

Ukwati utayandikira, anatsitsa kachitini kaja n'kuitana mpongozi wawo.

"Lamulungu ukandigulire kamisolo yatsopano. Sindingaimbe pa ukwati wa mdzukulu wanga nditavala sanza m'kati."

Sanobar anapukuta ufa m'manja, nayang'ana chingwecho ngati munthu amene wakumananso ndi phiri lomwe anakwera dzulo.

"Amayi, Rohila wogulitsa uja amandiseka. Amati kodi ukugulira apongozi ako kapena mwana wa sukulu?"

"Ameneyo azigulitsa katundu, pakamwa azisiya kunyumba."

"Tiyeni tipitire limodzi. Kuseri kwa benchi yake kuli kachipinda, kali ndi chitseko ndithu. Mwamuna safikako. Akakuyezani bwinobwino."

"Ine ndikavule pamsika, ndi imvi zangazi? Wondiyeza anandiyeza kale, ndipo sanalakwitsepo."

"Nanga m'mawa mumabuula chiyani?"

"Mawondo."

"Mawondo amawawa povala delesi?"

"Mkate wako ukupserera, mwanangu."

Sanobar anali atatopa ndi nkhaniyi. Chaka china anayesapo kugula yokulirapo mongoganizira, koma poti ankagulira thupi losakhala lake, kwina inakhwepa, kwina inathinabe. Apongozi akewo anaigoneka pamphasa, kuiyeza ndi chingwe, n'kumubwezera. Ndiye ulendo uno sanalimbane nawo. Panali mpunga woti asankhe, nkhosa yoti agule, alendo oti awapezere pogona. Anatenga chingwe, napita, nabwera ndi kamisolo yoyera mbuu, ya maluwa m'mbali, yolimba gwa ngati chikopa chosafufuta.

Masiku amenewo pakhomopo panabwera mayi Kumri, woimba mnzawo wa kanjira ka kuseri, amene zaka zonse ankaitanidwa pokhapokha mayi Zulayho akatanganidwa. Anakhala pansi pa mpesa, namwa tiyi pang'onopang'ono, maso ali pachifuwa cha mnzawo chimene chinkangoti befu befu.

"Anzanga, mukupumatu ngati mwathamangitsa nkhosa. Mukaona kuti mpweya wachepa, musachite manyazi, ine ndilipo. Mayina a pakhomo pano ndimawadziwa."

"Mpweya wanga ungakwanire maukwati anu onse amene simunaitanidwe. Imwani tiyi."

Anaseka onse awiri, kuseka kwa mano okha. Mlendo atachoka, Davron anabwera ndi masamba ouma amene anamva kuti amatsegula chifuwa, nawawiritsira agogo ake. Iwo anamwa, nathokoza. Aliyense ankafuna kuthandiza, koma onse ankaponya mwala kumene kulibe mbalame, chifukwa wodziwa pomwe yatera anali atatseka pakamwa.

Tsiku lija linacha ndi dzuwa loswa mtengo. Mayi Zulayho analimbana ndi tingowe ta kamisolo yatsopano mpaka zala zinachita dzanzi, ndipo itakoleka, anamva ngati munthu wawakhalira pachifuwa. Anavala delesi ya silika pamwamba, nadziyang'ana pagalasi. Kunja ankaoneka ngati mfumukazi. Anadziuza kuti ndi kanthawi chabe.

Bwalo linadzaza azimayi, ena pamphasa, ena m'mbali mwa khoma. Mkwatibwi, Shahodat, anatuluka atafunda nsalu yake yoyera, azakhali awiri atamugwira m'zigongono. Mayi Zulayho anakweza kang'oma kawo ka m'manja, nayamba ndi dzina la Mulungu monga mwa mwambo. Mawu anatuluka, ocheperapo kusiyana ndi kale, komabe anali awo. Mtsikana anawerama, naweramuka. Woimba anatchula makolo akale a banjalo, mtsikana anaweramanso, naweramuka. Thukuta linayamba kuyenderera m'zilonda zija ngati tsabola. Mzere uliwonse ankaudula msanga kuti asunge mpweya wa umodzi umene anauyembekezera zaka zonsezi.

Kenako unafika. Anakoka mpweya, koma unangofika pakhosi n'kubwerera, poti nthiti zinalibe kolowera. Anayambabe.

"Kwa amene anadzala mpesa watiphimbawu, kwa amene anaomba nsalu mwavalazi, kwa agogo a mkwati, a Tur..."

Mawu anaduka ngati ulusi wovunda.

Shahodat anali atawerama kale, ndipo poti nyimbo sinafike pothera, sakanaweramuka. Anakhala chiweramire, nsalu ikukhudza pansi. Mayi Zulayho anatsegula pakamwa kachiwiri. Kunatuluka kamphepo chabe. M'maso munayamba kuchita chidima. Bwalo lonse linangoti zii, moti kunkamveka mavu akudya mphesa. Khosi la mtsikana linayamba kunjenjemera, azakhali aja n'kumayang'anana.

Mayi Kumri anadzuka. Sanaseke, sananyoze, anangochotsa kang'oma m'manja mwa mnzawo mofatsa, n'kutola mzerewo pomwe unagwera. Dzina la Tursunali linatuluka lathunthu, lalitali, lokoma, koma m'kamwa mwa mkazi wina. Mkwatibwi anaweramuka.

Sanobar analowa nawo kuchipinda apongozi ake, nawakhazika pabedi. Sanapemphe chilolezo. Anakweza delesi kumsana, nalimbana ndi tingowe tija mpaka tinamasuka. Mayi Zulayho anakoka mpweya wautali ngati munthu amene wavuuka m'madzi. Apo ndi pamene Sanobar anaona zonse: mzere wofiira wozungulira thupi lonse, ngalande za m'mapewa, timathonje tomatirira pazilonda.

"Amayi, zaka zonsezi?"

Kunja nyimbo inkapitirira, ikutchula amalume, azakhali, ana.

"Ine ndakhala ndikukugulirani chinthu chokuchekani, n'kumati ndikukuthandizani. Bwanji osanena?"

"Ndikananena kuti chiyani? Kuti bambo ako analakwitsa?"

"Sanalakwitse. Anayeza mtsikana amene anamuona. Akanakhala moyo bwenzi atadula chingwe china kalekale."

Mayi Zulayho anatembenukira kukhoma. Sanobar anawafunditsa nsalu yopepuka, nabwerera kumapoto, poti alendo sadya chisoni cha eni khomo.

Panapita milungu mayi Zulayho osatuluka pakhomo. Zilonda zinapola. Shahodat ankawabweretsera tiyi m'mawa uliwonse n'kuwerama pakhomo monga achitira akwatibwi atsopano, ndipo kuwerama kulikonse kunkawakumbutsa kuja kunatalika. Lamulungu lina, Sanobar akulongedza mikate m'dengu, anaona apongozi ake ataima pageti, mpango uli kumutu.

"Mukupita kuti, amayi?"

"Kwa wapakamwa wako uja. Tsogola."

Msika unali wodzaza, wafumbi, waphokoso. Rohila anali mayi wonenepa wa mano agolide, tepi yoyezera ili m'khosi. Atawaona anagwira m'chiuno.

"Kodi mwana wa sukulu uja ndi ameneyu? Takulandirani, azakhali. Ndimati ndifa ndisanakuoneni."

"Unandiona ndikuimba pa ukwati wako, ukulira ngati mwanawankhosa wosiyidwa."

"Eya, ndipo mwamunayo ndikulirabe naye. Kachipinda ndi ako."

Kanali kachipinda ka matabwa opyapyala, chitseko chake chomangidwa ndi waya. Mayi Zulayho anaima pamenepo nthawi ndithu. Sanobar anali ndi dengu m'manja onse awiri. Rohila anali akufukula m'makatoni. Palibe anawakankhira chitsekocho. Anachikankha okha.

M'katimo Rohila anasiya nthabwala. Anawayeza pansi pa mabere, nawayezanso pamwamba, koma anati tepi imangonena poyambira, zotsalazo anene ndi eni thupi. Kamisolo yoyamba inathina m'khwapa, ndipo atafunsidwa, mayi Zulayho anayamba mwa chizolowezi kuti, "Ili bwino."

"Azakhali, ine sindigona nayo. Ikuluma pati?"

"Apa," anatero potsiriza, akuloza. Kamawu kakang'ono, koma kanawatengera zaka zonsezo kuti katuluke.

Yachiwiri inakwera kumsana atakweza manja. Yachitatu anaikana okha asanafunsidwe. Kenako Rohila anabweretsa ina yosakongola konse: yathonje, yopanda waya, yopanda maluwa, timalamba take totambalala ngati zala zitatu, tingowe tili kutsogolo kuti mapewa okalamba asamavutike kupinda. Inawagwira monse mofanana, osaluma paliponse, ndipo kulemera kumene mapewa anasenza okha nthawi yonseyi kunagawikana.

"Weramani. Dzukani. Tsopano kokani mpweya ngati mukufuna kukalipira mpongozi."

Anakoka. Mpweya unatsika, n'kutsikabe, mpaka kumene unali usanafikeko zaka zambiri. Rohila anatuluka kukathandiza wogula wina. Atatsala okha, patsogolo pa kagalasi kong'aluka, mayi Zulayho anaimba motsitsa mzere uja, kuyambira pa mpesa mpaka pa dzina, nalikoka dzinalo lonse mpaka pothera. Mpweya unatsalako. Koma munalibe mkwatibwi m'kachipindamo woti awerame, ndipo Davron sakanakwatiranso kachiwiri kuti agogo ake akonze nyimbo.

Atafika kunyumba anatsitsa kachitini ka tiyi. Nthambi ina ya mpesa inali italendewera ndi kulemera kwa zipatso, ndiye anaimangirira kumtanda ndi chingwe chofiira chija, mfundo zake ziwiri zili pomwepo. Kenako anakhala pansi, atatopa, akupuma bwinobwino.

Mpongozi anayenda maulendo a kumsika, mdzukulu anawiritsa masamba, mnansi anadzipereka ndi nyimbo, koma panalibe mmodzi mwa iwo akanaloza pomwe pankaluma. Chitseko cha matabwa chija chinali pomwepo zaka zonse, chikudikira dzanja la munthu mmodzi yekha, ndipo dzanjalo linafika ukwati utatha. Akuluakulu anaona patali ponena kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.