Khoma Lomwe Mwatitha Anajambula

Kalekale, koma kale lake la dzana lomweli, kuseri kwa phiri kunali sukulu ya sekondale yoyendera kumene aphunzitsi a bayoloje sankakhalitsa. Ankabwera ndi mvula yoyamba, masika akafika ulendo. Pasukulupo panali mtsikana, dzina lake Mwatitha, yemwe mtima wake wonse unali pa unamwino. Ankabwereza Fomu 4, ndipo amalume ake anamuuza mosapsatira: "Mwana wa mlongo wanga, ulendo ndi uno wokha. Bayoloje yakoyo ikakukananso, ine ndiwavomera anthu odzafunsira mbeta aja."

Chomwe chinkamuzunguza mutu chinali selo ya nyama, kanthu kosaoneka ndi maso komwe kamamanga thupi lonse, pamodzi ndi tiziwalo take tam'kati. M'chaka chimodzi chokha aphunzitsi atatu anamuphunzitsa kanthu kameneka.

Oyamba anali a Chadewa, bambo wachikulire wa jekete imodzi. Buku analibe, zonse zinali m'mutu. Ankadzaza bolodi ndi Chingerezi, ana n'kumakopera mpaka zala kuuma, kenako n'kumayimba mayinawo ngati a kwaya. Bodza sanalembepo ndi limodzi lomwe, ndipo mzere wonena kuti selo ya nyama ilibe khoma unalipo ndithu. Koma mwana akafunsa tanthauzo, iwo ankangoti, "Loweza iwe, mayeso safunsa Chichewa." Mwatitha analoweza zonse, osatolapo kanthu. Kenako a Chadewa anapuma pantchito.

Achiwiri anali Mayi Nasoko. Atamva kuyimbako anapukusa mutu: "Ana inu, mukuyimba zinthu zoti simunazionepo." M'mawa mwake anabwera ndi lichero. Pakati anaikapo njere ya mango, nati, "Iyi ndi nyukiliyasi, yolamula zonse." Anamwazamo nyemba, nati ndi mamitokondiriya, opatsa selo mphamvu. Anawazamo mchenga, nati ndi maraibozomu, opanga mapuloteni. Tsiku limenelo Mwatitha anaimva bayoloje koyamba, ndipo anabwerera kwawo akusekerera yekha m'njira. Koma lichero lili ndi mkombero wolimba. Madamu asanafotokoze kuti selo ya nyama imangokutidwa ndi kachikopa kofewa, anasamuka kutsatira amuna awo kutauni.

Achitatu anali a Lipenga, ongochoka kumene ku koleji, magazi akadali otentha. Anapalasa njinga tsiku lathunthu kukabwereka maikulosikopu, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso, kusukulu ya kuboma, ndipo kumeneko anawabwereka kwa tsiku limodzi lokha. Ankafuna kupala m'kati mwa tsaya kuti ana aone selo ya munthu, koma mankhwala opaka kuti ioneke anawapeza atauma m'botolo. Apo n'kuti ana makumi asanu ndi atatu ali pamzere padzuwa. "Bola aoneko kanthu," anatero, nasenda anyezi. Mwatitha anasuzumira kamphindi, naona timabokosi ta makoma tondondozana ngati njerwa, wam'mbuyo n'kumukankha. A Lipenga anati kusiyana kwa selo ya chomera ndi ya nyama adzafotokoza akabwerako kokabweza makinawo. Ali komweko mlatho unakokoloka, ndipo pomwe ankawoloka mayeso anali atayamba.

Funso linabweradi: jambulani selo ya nyama, mutchule ziwalo zake ndi ntchito zake. Mwatitha anasangalala, osadziwa kanthu. Mzere wa a Chadewa unamudutsa m'mutu ngati phokoso chabe, pomwe lichero ndi zomwe anaona ndi maso ake zinkagwirizana. Anajambula khoma lokhuthala, mosamala kwambiri, nalembanso ntchito yake.

Zotsatira zitatuluka, giredi yofunika ku unamwino anaiphonya pang'ono zedi. Amalume sanakalipe, anangotumiza mawu kuchimuna. Cholakwa chake Mwatitha anachizindikira patatsala sabata kuti alowe m'banja, atatsegula buku la msuweni wake wophunzira kutauni. Anayang'ana nthawi yaitali chithunzi cha selo ya nyama, chopanda khoma. Misozi sinatuluke, poti mtima unali utafa kale. Anangofunsa chapansipansi, "Nanga bwanji sanandiuze?"

Ine zandikanika, poti onse atatu anapereka chomwe anali nacho. Wina ananena zoona m'mawu osamveka, wina anamveketsa ndi chitsanzo chosokeretsa, wina anaonetsa chenicheni koma cha mtundu wina. Tandiuzani inu amene mwamva: mwa atatuwa, anamuika khoma limenelija m'mutu Mwatitha ndani?